Kodi msika unadziwa bwanji?

Pa 28 Januwale 1986, chombo cha ku America chopita mumlengalenga, Challenger, chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukire ku Florida. Anthu onse asanu ndi awiri amene anali m'menemo anafa, kuphatikizapo mphunzitsi wina, Christa McAuliffe.

Makampani akuluakulu anayi ndiwo ankagwira ntchito pa chombochi: Rockwell, Lockheed, Martin Marietta ndi Morton Thiokol. Tsiku lomwelo masheya awo onse anatsika mtengo ku New York, koma mosiyana. Atatuwo anatsika ndi 2 kapena 3 peresenti basi. A Morton Thiokol anagwa ndi pafupifupi 12 peresenti. Boma linali lisananene kalikonse. Mu Juni m'pamene komiti yofufuza inalengeza kuti chinalakwika ndi mphira wotsekera molumikizana zigawo za roketi, amene anauma ndi kuzizira. Anapanga roketiyo ndani? Morton Thiokol.

Ophunzira, apa m'pofunika kumvetsa. Munthu akadziwa chimene anzake sakudziwa, sachilengeza. Amangogula kapena kugulitsa mwakachetechete. Koma akagulitsa kwambiri, ogula amayamba kukayika: "Ameneyu akuthawa chiyani?" Ndiye amatsitsa mtengo umene angalipire. Ena akaona kutsikako amagulitsanso. Motero chimene chinali m'mutu mwa anthu ochepa chimalowa mu mtengo umene aliyense akuuona, ngakhale palibe wayankhula. Ndiye chifukwa chake wodziwa zedi amagulitsa pang'onopang'ono, kuopa kudziulula. Makolo amene amagulitsa nandolo akudziwa: mavenda akangoti balamanthu m'mudzi, onse akukweza mtengo, ndiye kuti kutauni amvako kanthu.

Kodi analipo odziwa za mphirawo? Inde. Usiku woti mawa chombo chinyamuka, akatswiri a Thiokol anachenjeza kuti kukuzizira kwambiri, koma sanawamvere. Chodabwitsa n'chakuti Michael Maloney ndi Harold Mulherin, amene anafufuza nkhaniyi n'kuifalitsa mu 2003, sanapeze umboni woti mabwana a kampaniyo ndiwo anagulitsa masheya tsiku limenelo. Akanatero akanapalamula mlandu, pakuti lamulo la ku America limaletsa munthu wa m'kati kuchita malonda pogwiritsa ntchito chinsinsi cha kampani.

Ine ndikuona kuti nkhani imodziyi siikwanira kunena kuti msika sulakwa. Mtengo umanyamula mphekesera ndi mantha monga momwe umanyamulira choonadi, ndipo woyang'ana nambala yokha sangasiyanitse. Pa Challenger panapita miyezi yoposa inayi kuti zidziwike kuti ogulitsawo sanaphonye.