SUNGANI MVULA PAMENE YAGWERA

Acikumbi a ku Machinga ndi ku Balaka, tamverani. Ife tonse tidziwa kuti dziko la Ulongwe, Utale, Phalula ndi cigwa ca Shire pafupi ndi Liwonde ndi lotentha, ndipo mvula yace ndi yosadalirika. Nyanja ya Chilwa inaphwa m'caka ca 1968, inaphwanso mu 1995 ndi mu 2018. M'mwezi wa Marichi 2024 Boma linalengeza za tsoka la cilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, patangopita caka cimodzi namondwe Freddy atakokolola minda ya kum'mwera. Tsono mvula ikacuruka tilira, ikacepa tiliranso. Kodi ticite ciani?

Cinthu coyamba cimene tiyenera kuzindikira ndi ici: kawirikawiri cimanga cathu sicifa cifukwa mvula ya caka conse yacepa ai. Cifa cifukwa mvula igwa yamphamvu masiku owerengeka, madzi nathamangira ku Rivirivi ndi ku Shire, pambuyo pace ng'amba ya milungu iwiri kapena itatu ipeza nthaka iri youma pamene cimanga cifuna kumasula.

Tiyeni tiwerenge. Mvula ya inchi imodzi, ndiyo mamilimita 25, ikagwa pa ekala imodzi itsanula madzi okwana migolo 500 ya malita 200. Palibe munthu angatunge madzi otere ndi ndowa. Koma mcikumbi wanzeru akhoza kuwagwira ndi khasu lace.

Nchito yace ndi iyi:

1. Akalozera. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala pemphani Mlangizi wa Zaulimi kuti akuthandizeni kuyeza mizere yopingasa citunda. Mizere yonse ya m'munda itsate akalozerawo. Mzere wolunjika kumunsi uli ngati ngalande yotayira madzi ndi cajila ca nthaka. Pa akalozera bzalani udzu wa vetiva kuti alimbe.

2. Kutseka mizere, kumene ena akucha ngonyeka. Mizere ya cimanga italikirane masentimita 75. M'khwawa la pakati pa mizere unjikani timilu ta dothi topingasa, pa mapazi awiri kapena atatu oyenda munthu wamkuru. Timiluto tikhale tatifupi kuposa mzere, kuti mvula ikacurukitsa madzi asefukire m'khwawa momwemo osagumula mzere.

3. Kuphimbira. Musatenthe mapesi. Agonekeni m'munda, pakuti ateteza nthaka ku dzuwa ndi ku mphamvu ya madontho a mvula, ndipo akaola asanduka cakudya ca mbeu.

4. Manyowa ndi nandolo. Nthaka ya manyowa isunga cinyontho monga cinkhupule. Kumene talima ndi khasu zaka zambiri, pansi pa mizere pakhala dothi louma gwa, losalola madzi kulowa. Muzu wa nandolo uboola dothi limeneli. Cotero bzalani nandolo pakati pa cimanga, monga acitira kale anthu ambiri a kuno.

Kwa inu olima fodya tiri ndi mau awiri. Fodya sakonda madzi oima. Tsekani mizere pa nthawi yookera, koma mvula ikagwa masiku ambiri osaleka, makamaka pa nthaka ya makande, tsegulani ngonyeka kuti mizu isaole. Ndiponso musaphimbire munda ndi mitengo ya fodya. Izuleni mutatha kuthyola, popeza isunga matenda ndi tizirombo.

Akuruakuru akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 Boma la atsamunda linakakamiza anthu kucita nchito zonga izi ndi lamulo la malimidwe, ndipo okana analipitsidwa, ena naponyedwa m'ndende. Cifukwa ca nkhanza imeneyo ambiri anadana ndi milambala. Lero palibe mesenjala wobwera ndi cingwe. Wotilipitsa tsopano ndi njala, ndipo iyo siimva kupepesa.

Tikupemphani mafumu kuti musonkhanitse anthu anu, cifukwa madzi ocokera m'munda wa kumtunda ndiwo akumba zigwembe m'munda wa kumunsi, ndipo munthu mmodzi sangaletse phiri lonse. Amene akayika ayambe ndi theka la munda wace caka cino. Ng'amba ikadza m'Januwale, apite masana nakayang'ane mbali imene masamba a cimanga ayamba kupota.