Musananyamuke ulendo wa ku Dublin

Ana anga a kuno ku Edmonton ya ku London, tchuthi chikamayandikira ndimakumvani mukupangana zokaona Dublin. Pitani ndithu. Njira ili pakhomo: basi kuchokera ku Edmonton Green kukatsikira ku Tottenham Hale, sitima ya Stansted Express, kenako ndege ya ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Koma kufupika kwa ulendowo ndi kumene kumapusitsa ambiri, mpaka amaiwala kuti akupita kudziko la eni, lokhala ndi boma lake, ndalama yake ndi mabala ake.

Tiyambire pa mapepala. Mgwirizano wa Common Travel Area, umene umalola anthu kuyenda momasuka pakati pa Britain ndi Ireland, ndi wa nzika za maiko awiriwo basi. Amene munabadwira kuno ndipo muli ndi pasipoti ya Britain, nyamukani. Koma msuweni wanu amene ali ndi pasipoti ya Malawi, kaya ali pa viza ya sukulu, kaya ya ntchito yosamalira okalamba, kaya analoledwa kale kukhala kuno mpaka kalekale, ayenera kupempha viza ya Ireland payokha. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti Mmalawi amangolowa ku Ireland popanda viza. Sakunama, akukumbukira zakale. Khomo limenelo linatsekedwa mu 2015, ophunzira athu ambiri atalowerapo kale. Masiku ano fomu imalembedwa pa intaneti, ndipo yankho limatenga masabata, choncho musagule tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke.

Padzapezekanso wochenjera wina wokuuzani kuti mudzere ku Belfast, mukwere basi, chifukwa pamalire palibe chipata. Chipata palibedi, koma lamulo lilipo, ndipo apolisi a ku Ireland, a Garda, amaimitsa mabasi n'kufunsa mapepala. Dzina likadetsedwa kamodzi m'mabuku a olowa ndi otuluka, limakutsatirani pa fomu iliyonse imene mudzalembe m'tsogolo. Safunsa anadya phula.

Ndalama ya ku Ireland ndi yuro. Khadi lanu la Oyster lisiyeni kunyumba, mukagule Leap Visitor Card, imene imagwira ntchito m'mabasi, pa sitima za m'misewu zotchedwa Luas, ndi pa DART yodutsa m'mbali mwa nyanja. Mukalipira ndi ndalama m'basi, dalaivala amalandira zachitsulo zokha ndipo sapereka chenji. Jekete la mvula lisasowe m'chikwama ngakhale mu July.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba. Ndalama zanu ndi zochepa, ndiye funso ndi lakuti muzimwaza pati. Anzanu adzakukokerani ku Temple Bar, kumene chakumwa chimodzi mtengo wake ndi wa ziwiri, ndi ku Guinness Storehouse kukajambulitsa. Sindikuletsani. Ine ndikuti ndalama yoyamba ipite kwa munthu wokuyendetsani ndi kukufotokozerani, chifukwa Dublin si mzinda wodabwitsa maso kwa munthu wochokera ku London. Nyumba zake ndi zazifupi, mtsinje wa Liffey ndi waung'ono pouyerekeza ndi Thames. Chuma cha mzindawu chili m'zimene zinachitika m'makoma amenewo, ndipo khoma silidzifotokoza lokha.

Yambani ndi ndende ya Kilmainham. Simulowa nokha, mumalowa pagulu ndi wofotokoza, ndipo matikiti amatha msanga, choncho muwagule pa intaneti musanachoke kuno. Inatsegulidwa mu 1796 n'kutsekedwa mu 1924. M'bwalo lake la miyala ndi mmene asilikali a Britain anawombera atsogoleri 14 a kuukira kwa pa Pasaka mu May 1916. Joseph Plunkett anamanga ukwati ndi Grace Gifford m'kachalichi ka m'ndendemo, patangotsala maola ochepa kuti aphedwe. James Connolly anali atavulala kwambiri moti sakanatha kuimirira, ndiye anam'mangirira pampando n'kumuwombera ali chikhalire. Mukamamva zimenezi, kumbukirani kuti miyezi 15 kuukira kwa pa Pasakako kusanachitike, mu January 1915, John Chilembwe anaukira boma lomwelo ku Chiradzulu. Naye sanapambane, naye anaphedwa, tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagumulidwa, otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Ku Ireland ufulu unayamba kubwera mu 1922, kwathu mu 1964. Ana ambiri amene munaphunzira sukulu za kuno simunamve za Chilembwe kapena za Connolly m'kalasi, ndipo ndimaona kuti n'zomvetsa chisoni kuti Mmalawi aime m'bwalo limenelo osadziwa kuti nkhaniyo ndi yakenso.

Mukachoka kumeneko, positi ofesi yaikulu ya GPO pa O'Connell Street idzakhala ndi tanthauzo. Patsogolo pake ndi pamene Patrick Pearse anawerenga chikalata cholengeza ufulu pa 24 April 1916. Wofotokoza wabwino adzakulozerani maenje a zipolopolo pa chipilala cha Daniel O'Connell, amene anthu zikwi amawadutsa tsiku ndi tsiku osawaona. Pali magulu oyendetsa alendo wapansi amene amalengeza kuti ndi aulere. Tanthauzo lake ndi lakuti mumapereka pomaliza monga mwakhutira. Munthu wakulankhulirani maola awiri pamvula, musazembe ngati simukumuona.

Tsikirani ku Custom House Quay mukaone ziboliboli za anthu owonda, ovala nsanza, wina atasenza mwana paphewa. Ndi chikumbutso cha njala ya 1845 mpaka 1852, pamene mbatata ya kachewere inaola m'minda, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawa dziko. Agogo anu amene anaona njala ya 1949, kapena makolo anu amene akukumbukira ya 2002, safunika kuwamasulira. Pamenepo mudzamvetsa chifukwa chake mabungwe a ku Ireland ngati Concern ndi Trócaire akhala akugwira ntchito m'midzi ya kwathu, ndi chifukwa chake Ireland inatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2007. Malo amenewa si ochitirapo nthabwala pa foni.

Ngati nthawi ilipo, 14 Henrietta Street ndi nyumba ina yolowa ndi wofotokoza. Inamangidwira olemera, koma pofika 1911 munkakhala anthu oposa 100. Amene mukukhala asanu m'kanyumba kamodzi ku Fore Street mudzagwedeza mutu.

Buku la Kells ku Trinity College, limene amonke analemba pamanja cha m'ma 800, ndi lokongola, koma khomo lake ndi lodula ndipo mumangoona masamba awiri otsegulidwa. Thumba likapepuka, National Museum, National Gallery ndi Chester Beatty n'zaulere.

Pakamwa panu musamale. Musanene kuti Ireland ndi mbali ya UK, ndipo nkhani ya Kumpoto kwa Ireland musaiyambe ndinu. Mukafunsidwa kwanu, nenani Malawi. Ambiri amalidziwa dzikoli kudzera mwa wansembe, sisitere kapena wachibale amene anakagwirako ntchito, ndipo macheza amayambira pomwepo.

Malo ogona ku Dublin ndi odula komanso osowa, ndipo abale athu a kumeneko ambiri akupanikizana m'zipinda za lendi. Musangotulukira pakhomo ndi chikwama. Imbani kukadali milungu, funsani ngati malo alipo, ndipo akakana musawatenge ngati oumira. Akakulandirani, dutsani pa msika wa Edmonton Green musananyamuke, kapena pa Moore Street mukafika, mugule ufa ndi ndiwo. Tsiku lobwerera nyamukani msanga, chifukwa ku bwalo la ndege la Dublin sikufika sitima, ndipo basi ikakodwa mumsewu ndege siidikira.