PHUNZIRO LA MWEZI WA DISEMBALA: KHIRISIMASI NDI NKHOKWE YA PAKHOMO

Disembala ndi mwezi umene mabanja amakumana. Ana a sukulu zogonera komweko amabwerera kwawo, abale ogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ngakhale ku Johannesburg amafika ndi timphatso tawo, ndipo pakhomo pamene panali zii pamadzaza phokoso la adzukulu. Zimenezi nzabwino ndithu, pakuti mtima wokondwa umathandiza thupi. Koma a zachipatala amadziwanso kuti m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndi mmene ana onyentchera ndi otupikana amachuluka ku sikelo, ndipo si chachilendo kupeza kuti mwana wotere wachokera pakhomo pamene panaphedwa mbuzi tsiku la Khirisimasi.

Kodi zimenezi zimachitika bwanji?

Chimanga chimakololedwa mu Epulo ndi Meyi. Pofika Khirisimasi papita miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu banja likudya cha m'nkhokwe, ndipo cha kumunda chikadali chofika m'maondo. Nthawi yomweyo mtengo wa chimanga pamsika umakhala ukukwera. Tsono bambo amene agulitsa ndowa ziwiri mu Disembala kuti agule zakumwa ndi zovala zatsopano, adzagulanso chimanga chomwecho mu Febuluwale pa mtengo woposa umene anagulitsira. Ngati ndalama palibe, iye ndi mkazi wake amapita kukagwira ganyu m'minda ya anzawo, munda wawo nkumadyedwa ndi udzu pa nthawi yopalira ndi kubandira. Munda wopaliridwa mochedwa subereka bwino, kotero kuti kusakaza kwa mlungu umodzi kumachepetsa ngakhale zokolola za chaka chotsatira.

Nzoona kuti njala ina imadza popanda wolakwa. M'chaka cha 2024 chilala chinaononga mbewu kufikira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agweredwa tsoka. Mlimi sangailamule mvula. Koma akuluakulu akamanena kuti chakudza sichiyimba ng'oma sanena za njala ya Febuluwale, pakuti iyo imadziwika mwezi wake chaka ndi chaka.

Kuwerengera chaka chisanathe

Nkofunika kuti chikondwerero chisanafike, bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, awerenge matumba amene atsala ndi ndalama zimene zili m'nyumba. Kuwerenga kwake sikovuta. Boma ndi mabungwe pogawa chimanga cha chithandizo amawerengera thumba limodzi la makilogalamu 50 pa banja limodzi mwezi uliwonse, ndipo banja lalikulu thumbalo silikwanira nkomwe. Kuyambira Januwale kufikira Epulo pafunika matumba anayi kapena kuposerapo, ndipo amenewa sayenera kukhudzidwa ngakhale alendo achuluke chotani.

Chimanga chikaikidwa padera, pali zinanso zimene zikudikira mu Januwale: feteleza wobereketsa, makope ndi yunifolomu za ana potsegulira sukulu, sopo ndi mchere. Koma chimene mabanja ambiri amaiwala ndi ndalama ya matenda. Dzinja ndi nyengo ya udzudzu, ndipo malungo amachuluka. Mwana wotentha thupi ayenera kukayezedwa magazi tsiku lisanathe. Ku chipatala cha boma mankhwala a LA ndi aulere, koma wa kabaza kapena wa njinga yamoto safuna kumva zimenezo, makamaka usiku ndiponso pa msewu wamatope. Ndipo kumene chipatala chapafupi ndi cha mishoni, nthawi zina pamafunika kulipira. Banja limene latha ndalama zonse pa Khirisimasi limayamba kudikira kuti mwina maŵa kapena mkuja mwana apeza bwino. M'masiku awiri kapena atatu odikirawo malungo angathe kumaliza magazi a mwana, kapena kumukomola. Choncho kandalama kokwanira ulendo wa ku chipatala, kupita ndi kubwera, kayenera kumangidwa pa kansalu ndi kusungidwa ndi munthu wosamwa mowa.

Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama kumapeto a chaka. Ndalama yosonkhedwa pang'onopang'ono miyezi khumi ndi iwiri imafika m'manja pa mlungu umene ogulitsa malonda achuluka pamsika, ndipo ingathe kutha masiku atatu. Nkwanzeru kugula feteleza kapena chimanga tsiku lomwelo la kugawana, zotsala ndizo zipite ku mpunga ndi shuga. Za katapila nzosachita kufunsa. Ngongole yotengera chikondwerero imabwezedwa ndi chiwongoladzanja chachikulu m'mwezi wa njala, ndipo kawirikawiri chimene chimagulitsidwa pobweza ndi mbuzi, njinga kapena ufa wa ana.

Abale ochokera m'tauni nawonso ali ndi mbali yawo. Ambiri amachita manyazi kufika kumudzi osaonetsa kuti zinthu zikuwayendera, motero amagulira mudzi wonse mowa, nabwerera ku ntchito ndi ndalama yongokongola. Thumba la feteleza, neti yotetezera udzudzu kapena mbewu ya nyemba sizichititsa nthungululu zambiri pofika, koma makolo amazikumbukira mpaka nthawi yokolola.

Chakudya cha tsikulo

Palibe choipa kupha nkhuku ndi kuphika mpunga pa Khirisimasi. Chofunika kukumbukira nchakuti thupi la mwana silisunga nyama ya tsiku limodzi kuti imukulitse miyezi itatu. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi kachakudya kena pakati pake, tsiku lililonse, akupitirizabe kuyamwa. Nkhuku ya msoti imene ikuikira mazira ndi yaphindu ikhala ndi moyo; tambala ndiye aphedwe. Ndipo pogawa ndiwo, pali chizolowezi m'makomo ena chakuti minofu yonse imapita ku mbale ya abambo ndi alendo, ana nkulandira khosi, mapazi ndi msuzi. Mwana ndi mayi woyembekezera ndiwo afunika chiwindi ndi mnofu kuposa mlendo amene amadya nyama m'tauni mlungu uliwonse.

Ndalama ya zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ingagule mtedza wa nsinjiro zotsira phala la mgaiwa kwa masiku ambiri. Nyengo ino mango ali mbwee, ndipo ali ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi. Bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zikumera, ngumbi zikutuluka. Thobwa lophikidwa bwino pakhomo limakhutitsa koposa chakumwa chogula.

Kumene kwasonkhana anthu ambiri nthawi ya mvula, matenda otsekula m'mimba amafala msanga. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 unakula kwambiri pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, kotero kuti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo anthu oposa 1,700 anamwalira mliriwo usanathe. Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe kolorini. Alendo asambe m'manja ndi sopo mothirirana, osati onse m'beseni limodzi. Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, ndipo nyama kapena mpunga wogona utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi usanaperekedwe kwa ana. Paketi ya Thanzi ikhale m'nyumba nthawi zonse.

Za mowa zanenedwa kambiri. Kachasu amatha ndalama, amayambitsa ndeu pakati pa abale amene sanaonane chaka chonse, ndipo woyendetsa njinga yamoto ataledzera amavulaza ndi amene sanamwe. Munthu woledzera amaiwalanso kumwa mankhwala ake. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, atenge okwanira masiku onse a ulendo asananyamuke.

Pamene abale asonkhana

Kucheza sikulira ndalama. Madzulo agogo angathe kusimbira adzukulu nthano ndi mbiri ya mtundu wawo, ndipo mmawa alendo angathandize kupalira, pakuti makasu asanu amamaliza m'masiku awiri munda umene nkhalamba ikanalimbana nawo milungu iwiri. Ndi nthawi yabwinonso yoona mabuku a sikelo a ana onse, ngati katemera wakwana ndiponso ngati mzere wa kulemera ukukwera.

Maso a mlendo amaona zimene eni nyumba azolowera. Azakhali amene anamuona mwana chaka chatha angazindikire msanga kuti tsitsi lafiira ndi kupyapyala, kuti mwana sakusewera, kapena kuti timikono taonda. Mlangizi wa zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kufikira zaka zisanu. Mkono ukachepera masentimita 11.5, pamene pali pofiira, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo afunika chiponde cha ku chipatala. Kutupikana kungayesedwe pakhomo pomwepo. Mayi adinikize chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, awerenge mpaka katatu, nachotse. Pakatsala kadzenje pa mapazi onse awiri, kumeneko si kunenepa ayi. Mwanayo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti alendo ayambe abwerera.