Phunziro: Kukonzekera Tsiku Lotuluka M'chipatala

Pa Chipatala cha Boma cha Mchinji, monganso m'zipatala zina, wodikirira matenda kawirikawiri amakhala mayi. Ndiye amaphika, kuchapa ndi kusambitsa wodwala. Choncho wodwala akachedwa kutuluka, mtolo umagwera ife.

Kodi chimachedwetsa n'chiyani?

Zifukwa zina ndi za kuchipatala. Wodwala satuluka mpaka adokotala atayendera wodi, zotsatira za magazi kapena za X-ray zitabwera, ndiponso atalemberedwa mankhwala m'buku lake. Koma zina ndi za ife eni. Ndalama ya ulendo wobwerera ku Mkanda palibe, womutenga sanauzidwe, kapena abale akuopa kusamalira munthu wofa ziwalo. M'zipatala za mishoni monga Ludzi ndi Kapiri, banja liyeneranso kupeza ndalama ya bilu.

Kuipa kwake

Munthu amene wachira akapitiriza kugona m'wodi akhoza kutengerako matenda ena monga chifuwa chachikulu. Okalamba amafooka miyendo, ndipo ogona malo amodzi amatuluka zilonda m'chiuno. Bedi limene wagonapo likufunidwa ndi wina wodwala kwambiri, makamaka m'dzinja pamene malungo amachuluka. Nyengo yomweyo mtedza ndi chimanga za wodikirira zimadyedwa ndi udzu.

Tichite chiyani?

Kukonzekera kutuluka kuyambe tsiku logonekedwa.

1. Wodikirira asasowe pa bedi nthawi imene adokotala akuyendera wodi. Afunse mwaulemu kuti, "Kodi chatsala n'chiyani kuti atuluke?"

2. Banja lipatuliretu ndalama ya kabaza kapena minibasi, isadyedwe pa ndiwo.

3. Pemphani anamwino akuphunzitseni kutsuka bala, kutembenuza wodwala ndi kumwetsa mankhwala.

4. Musachoke musanalandire mankhwala ndi kudziwa tsiku lobweranso. Buku la kuchipatala lisungidwe bwino.

5. Gulu lathu ligawane ntchito: ena akakonze nyumba, ena atunge madzi, ena akapalire munda wa mnzathu.

Chenjezo: tisathawitse wodwala chifukwa chotopa kudikira. Wotulutsa ndi adokotala okha. Wochoka mankhwala asanathe akhoza kubwerera ali kayakaya.

Mafunso okambirana

1. Ndani m'mudzi mwathu ali m'chipatala sabata ino, ndipo akusowa chiyani kuti abwere kunyumba?

2. Kodi thumba la gulu lathu lingathandize bwanji pa ulendo wa otuluka m'chipatala?