Dahlia Yofesa ku Njere: Fesani Zambiri, Sungani Zocepa

Mlimi amene anabzalapo njere za cimanga ca haibulidi zotapa m'nkhokwe amadziwa kuti munda sufanana ndi wa caka catha. Duwa la dahlia limacita zimenezi mopitirira. Mukafesa njere za duwa limodzi lofiira, mbande zina zidzamasula maluwa acikasu, zina oyera, zina zidzatalika, zina zidzakhala zazifupi. Cifukwa cake n'cakuti zomera zambiri zili ndi magulu awiri a makromozomu, pamene dahlia ya m'dimba ili ndi magulu 8, motero makhalidwe a makolo amasanganikirana m'njira zosawerengeka. Kwawo kwa duwali ndi ku Mexico, ndipo dzina lake likumbutsa Anders Dahl, katswiri wa zomera wa ku Sweden.

Gwirani mfundo iyi: njere imabala mtundu watsopano, koma mbatata ya pansi ndiyo imasunga mtundu. Wogula akafuna duwa lofiira lomwelo analiona kwa inu, mugulitseni mbatata. Mukamulonjeza mtundu pa njere, adzabwera kudzadandaula.

Njuci zimakwatitsa maluwa popanda kutifunsa, ndipo njere zake zimamera bwino, koma simudziwa tate. Ngati mufuna kusankha makolo nokha, vekani mphukira ya mayi kathumba ka pepala kapena ka nsalu yopyapyala isanamasule. Ikamasula, thotholani masamba a duwa a m'mbali kuti pakati paonekere. Tengani mungu pa duwa la tate ndi nthenga youma, mupake pakati pa duwa la mayi, kenaka mubwezere kathumba. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amalakwa, pakuti amapaka kamodzi n'kuleka. Cimene timaciona ngati duwa limodzi ndi gulu la timaluwa tambiri, ndipo timatseguka mzere ndi mzere kuyambira kunja kulowa mkati. Pakani m'mawa uliwonse kwa masiku angapo, mame atauma. Mangani kacikwangwani ka maina a makolo onse awiri, ndipo dikirani masabata 4 mpaka 6 kuti mutu ukhwime. Kuno kwathu nchitoyi imayenda bwino mvula ikamatha, ca m'Marici ndi Epulo. Pakati pa dzinja mitu imaola.

Fesani pa nazale mvula ikayandikira. Njere zimamera m'sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mbande zimamasula nyengo yomweyo.

Nchito yovuta ndi kuzula. Mbande zambiri zimatulutsa maluwa wamba a mzere umodzi wa masamba, ena oweramira pansi pa tsinde lofooka. Caka canga coyamba ndinazimvera cisoni zonse, ndipo mizere itatu inadzaza ndi maluwa amene palibe akanagula, pamene mbewu ziwiri zabwino zinapanikizika pakati. Duwa lokongola pa tsinde lofewa silikhalitsa m'botolo la madzi, conco lizuleni. Zulaninso mbewu iliyonse ya masamba amawangamawanga ndi opinimbira, pakuti matenda amene nsabwe za m'masamba zimafalitsa amakhalira m'mbatata.

Zocepa zimene mwasankha, kumbani mbatata zake masamba akauma, muzisunge pamthunzi pouma m'mcenga kapena m'utuci. Pogawa, cidutswa ciliconse cikhale ndi diso la pakhosi pa tsinde, apo ayi sicidzaphuka. Musafulumire kupatsa duwa dzina. Libzaleni nyengo ziwiri kapena zitatu, muone ngati likubwereza maonekedwe ake ndi kubereka mbatata zokwanira kugawa.