Kusintha Dainamo ya M'habu ya Njinga

Alimi amene amapalasa njinga kudza ndi ndiwo kapena makala ku George, kumadzulo kwa Lusaka, amanyamuka tambala asanalire. Ena amapitirira mpaka ku msika wa Soweto. Pa mseu wa magalimoto munthu wopanda nyale saoneka konse, ndipo ngozi imodzi ingathe kumtayitsa katundu, njinga ndi moyo womwe. Cifukwa cace nyale ikazima, iyenera kukonzedwa tsiku lomwelo.

Dainamo ya m'habu imakhala pakati pa wilo lakutsogolo. M'kati mwace muli maginito wozungulira pamodzi ndi wilo, ndi waya wamkuwa wokulungidwa amene sazungulira. Maginito akamapita pa wayayo, moto wa nyale umabadwa. Iposa ija yokhuza tayala popeza siterereka pa mvula ndipo sidya tayala. Yochuka pa njinga zakale za Raleigh ndiyo Dynohub ya Sturmey-Archer, imene inayamba kupangidwa ku Nottingham m'ma 1930. Za masiku ano, monga za Shimano, zipatsa mavoti 6 ndi mawati 3.

Koma mlimi asafulumire kugula ina. Kawirikawiri colakwa ndi babu lopsa, waya woduka, kapena dzimbiri polumikiza mawaya. Ayambe wapala dzimbirilo, ayese babu lina, atukule njinga ndi kuzunguza wilo. Akamva wilo likugwiragwira pang'ono asade nkhawa, ndi mphamvu ya maginito imeneyo, si kuonongeka ai. Ambiri amamasula habu yabwinobwino pa cifukwa cimeneci, nailowetsa pfumbi.

Pali cinthu cimodzi coletsedwa ndithu pa Dynohub yakale: kusolola maginito kumlekanitsa ndi citsulo ca m'kati mwace. Akalekana ngakhale kamphindi, maginito afooka, ndipo nyale idzangoti ziii ngati khala lozirala. Ziwirizi zituluke pamodzi, zibwerere pamodzi.

Ngati moto sutuluka ngakhale zonsezi zayesedwa, habu isinthidwe. Apa ndi pofuna kuwerenga. Njinga zambiri zakale za ku Mangalande zili ndi masipoko 32 kutsogolo, pamene zambiri za tsopano zili ndi 36; tsono mabowo a habu yatsopano alingane ndi a limu, kupanda kutero ndalama zapita cabe. Masipoko akale nawonso sangakwane nthawi zonse, pakuti Dynohub ili ndi mbali imodzi yaikulu ndi ina yaing'ono, ndipo utali wa masipoko usiyana. Ndi bwino kunyamula wilo lonse popita kukagula.

Kuluka masipoko ndi nchito ya mmisiri wa njinga, ndipo amisiri otere sasowa m'misika ya George ndi Matero. Wilo lolukidwa mokhota limadya mabuleki, ndipo masipoko ace amathyoka thumba la makala likalemera. Pobwezera wilo pa foloko, mbali ya mawaya ikhale kudzanja lamanja la wopalasa. Manati amangidwe zolimba kuti ekiselo isazungulire ndi kudula mawaya, ndipo waya amangiriridwe ku foloko kuti asakodwe m'masipoko kapena m'maudzu. Potsiriza mwini njinga azunguze wilo mmisiri ali pompo, aone nyale ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo zikuyaka, asanapereke ndalama.