PHUNZIRO LA ZAULIMI: KUDYETSA NTHAKA YOTOPA

Nthaka yambiri ya m'chidikha cha Kasungu ndi yamchenga, ndipo fodya ndi chimanga zaidyera zaka zambiri. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza nakwera mtengo koopsa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsono mlimi wanzeru ayenera kudziwa chuma chimene chiri pakhomo pache, ndiponso nchito ya chirichonse.

1. Manyowa a m'dzenje. Amenewa ndiwo maziko. Mlimi asanjike mapesi oduladula, zotsalira za mtedza, ndowe ndi dothi pang'ono, athirire madzi, nazitembenuza nthawi ndi nthawi. Pakapita miyezi ngati itatu manyowa amakhala akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Nchito yao ndiyo kusunga chinyontho ndi chakudya cha mbeu, zimene mchenga paokha umataya.

2. Madzi a manyowa. Mlimi amange manyowa okupsa m'thumba, alibviike mu mgolo wa madzi kwa masabata awiri. Pambuyo pache asungunule madziwo kufikira aoneke ngati tiyi wosakolera. Amenewa athandiza mbeu msanga, koma mphamvu yao siikhalitsa. Iwo ali ngati ndiwo, pamene manyowa a m'dzenje ndiwo nsima. Awathire patsinde, osati pamasamba odyedwa, pakuti m'ndowe mumakhala tizilombo totsegula m'mimba.

3. Zothandizira zina. Phulusa la nkhuni lichepetsa kuwawasa kwa nthaka ndi kupatsa mbeu potashi. Koma lisasakanizidwe ndi zitosi zaziwisi, chifukwa nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa masamba, amauluka. Zitosi za nkhuku ziri ndi mphamvu yaikulu, ndipo zikapanda kuola zimatentha mbeu. Masamba aawisi a deliya ndi gliricidia akwiriridwe m'mizere, pakuti aola msanga. Mtedza, soya ndi nandolo zisinthane munda ndi fodya.

4. Chenjezo. Mapesi ndi mizu ya fodya zisalowe konse m'dzenje. Zimenezi zimasunga nthenda ya mozeyiki ndi tinyongolotsi totupitsa mizu, zomwe zigwiranso matimati. Wozitaya m'dzenje adzasenzera yekha matenda kumunda kwache. Ayenera kuzizula akangomaliza kuthyola, nazitentha. Ndiponso ndowe zochuluka zichedwetsa kupsa kwa fodya wa m'mabani. Chifukwa chache nkwabwino kuziika m'munda wa chimanga ndi kudimba.

Nthaka imene inatopa pa zaka zambiri siichira chaka chimodzi. Koma banja lokumba dzenje lache mu Meyi, zinyalala zisanapse ndi moto wolusa, lidzakhala ndi chopatsa munda mvula yoyamba ikadzagwa.

MAFUNSO OKAMBIRANA
1. Kodi madzi a manyowa angathe kulowa m'malo mwa manyowa a m'dzenje?
2. Chifukwa ninji mapesi a fodya ayenera kutenthedwa?